John Chilembwe: kusiyanitsa chenicheni ndi zomatikapo

Akatswiri oyesa mawotchi akale apamkono ali ndi mafunso awiri amene sawaphatikiza. Loyamba ndi lakuti kodi wotchiyo idapangidwadi ndi kampani imene dzina lake lalembedwa pankhope pake, m'zaka zimene mwiniwake akunena. Lachiwiri ndi lakuti, ngati ili yeniyeni, kodi tizitsulo take tonse ndi tomwe idatuluka nato kufakitale, kapena tina tidachita kuikidwamo pambuyo pake. Wotchi itha kukhala yeniyeni koma mivi, galasi ndi lamba wake zili zogwirizira. Ithanso kuwala mochititsa kaso kunja pamene makina a m'kati mwake ali achabechabe, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

N'chifukwa chake katswiri sakhutira ndi nkhope yokha. Amatsegula kumbuyo n'kuwerenga nambala yodindidwa pa makina, kenaka n'kuiyerekeza ndi kaundula. Makampani a ku America monga Waltham ndi Elgin ankadinda manambala otsatizana, ndipo lero munthu atha kudziwa nawo zaka zimene makinawo adapangidwa. Mawotchi a siliva ndi golide olowa m'dziko la Britain kuyambira mu 1907 ankadindidwa zizindikiro zosonyeza chaka. Akatha zonsezi, katswiri amafunsa kuti wotchiyo yadutsa m'manja mwa yani kuchokera kwa mwini wake woyamba.

Tiyerekeze kuti munthu watulukira pa Nguludi, m'dera la Mfumu Yaikulu Likoswe m'boma la Chiradzulu, ndi wotchi yapamkono imene akuti idali ya Mbusa John Chilembwe. Kalendala yokha itha kugamula mlanduwo. Chilembwe adaphedwa mu Febuluwale 1915, nthawi imene amuna ambiri ankanyamula mawotchi a m'thumba omangirira kutcheni. Apamkono adayamba kufala pakati pa asilikali m'nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene panthawiyo idali itangoyamba kumene. Wotchi yapamkono yodziwainda yokha munthu akamagwedeza dzanja idafika pamsika kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo yoyendera batire ya mtundu wa quartz idatulutsidwa ndi kampani ya Seiko mu 1969. Ikakhala ya mitundu iwiriyi, ndiye kuti sidakhudzepo mkono wa Chilembwe, ngakhale wogulitsayo alumbire motani.

Mbiri ya Chilembwe imafunika kuiyesa mwanjira yomweyi. Boma la atsamunda lidagwetsa tchalitchi chake, lidalanda makalata ake ndi kubisa manda ake. Pamalo amene padatsala mpata, mibadwo yotsatira idamatikapo zake, zina mwachikondi, zina mwaudani. Kumulemekeza kwenikweni ndiko kudziwa chimene chidachokera kwa iye ndi chimene chidabwera pambuyo pake.

Mwana wa ku Sangano

Umboni wakale kwambiri wa kubadwa kwake uli m'kabuku kamene kadasindikizidwa ku America mu 1914, iye akadali moyo. Kabukuko kamati adabadwira ku Sangano, ku Chiradzulu, mu Juni 1871. Mmishonale Joseph Booth, amene adakhala naye zaka zingapo, adalemba kuti bambo ake adali Myao ndipo mayi ake adali Mmang'anja wogwidwa pankhondo. Mayina akuti Kaundama, la bambo, Nyangu, la mayi, ndi Nkologo, lake laubwana, adachokera m'mbiri yapakamwa imene idalembedwa patapita zaka zambiri iye atamwalira. Mbiri yapakamwa si yonyozeka, koma wowerenga ayenera kudziwa kuti idafika papepala mochedwa kuposa zinazo.

Cha m'ma 1890 mnyamatayu adaphunzirako pasukulu ya mishoni ya Church of Scotland. Moyo wake udakhota mu 1892 pamene adalembedwa ntchito ya m'nyumba ndi Booth, Mngerezi wa mpingo wa Baptist amene adafika ku Nyasaland kuchokera ku Australia n'kutsegula Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, pafupi ndi Blantyre. Booth adali mzungu wosagwirizana ndi azungu anzake. Ankalipira antchito ndalama zambiri kuposa eni minda ena, ndipo ankaphunzitsa poyera kuti dziko la Africa liyenera kubwerera kwa eni ake. Adabatiza Chilembwe mu Julaye 1893. Mwana wamkazi wa Booth, Emily, amene Chilembwe ankamusamalira akadwala malungo, adadzalemba buku la zokumbukira zake lotchedwa This Africa Was Mine, lomwe lidatuluka mu 1952. Iye ndi mmodzi mwa anthu ochepa amene adamuona ndi maso ali wachinyamata n'kusiya umboni wolembedwa, ndipo amamufotokoza ngati munthu wodekha, wachifundo ndi wanjala ya maphunziro.

Ku Lynchburg ndi ku Mbombwe

Mu 1897 Booth adapita naye ku United States of America. Kumeneko njira zawo zidasiyana. Chilembwe adalandiridwa ndi mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention, umene udamutumiza ku Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg, sukulu imene mkulu wake adali Gregory Hayes. Adafika m'chigawo cha kummwera kwa America panthawi imene malamulo a tsankho ankakhwimitsidwa ndipo anthu akuda ankaphedwa ndi magulu a azungu popanda mlandu. Adaonanso anthu akuda omwewo akuyendetsa makoleji, nyuzipepala ndi mipingo yawoyawo. Zinthu ziwirizi adabwerera nazo kumudzi.

Adafika ku Nyasaland mu 1900 ali mbusa wodzozedwa, ndipo adagula malo okwana maekala 93 ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Apa ndipo padabadwira Providence Industrial Mission, imene anthu amangoti PIM. Mpingo wa ku America udamutumizira omuthandiza awiri akuda: Mbusa Landon Cheek, amene adafika mu 1901, ndi mphunzitsi Emma DeLany, amene adafika mu 1902. Onse awiri adali atabwerera pofika mu 1906. Pamishonipo padali sukulu, minda ya thonje ndi khofi, komanso maphunziro osoka a amayi, amene mkazi wake Ida adawalimbikira kwambiri. Sukulu za PIM zidafalikira m'midzi yozungulira n'kukhala ndi ophunzira mazanamazana.

Chilembwe wa zaka zimenezi timamudziwa bwino chifukwa cha makalata amene ankalembera akuluakulu a mpingo ku America, omwe ena adasindikizidwa m'nyuzipepala yawo. M'makalatamo muli mbusa wodera nkhawa za njerwa, malipiro a aphunzitsi ndi ngongole. Ankafuna kuti anthu ake azivala mwaulemu, asiye mowa, alime mbewu zogulitsa ndi kuphunzira, kuti mzungu asowe chifukwa chowanyozera. Zithunzi zake zimagwirizana ndi makalatawo: bambo wa suti yoyenera bwino, mayi wa diresi lalitali, ana ovala nsapato. Zina mwa zithunzizi adajambula ndi Mungo Murray Chisuse, mmisiri wosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre, mmodzi mwa Amalawi oyamba kugwira kamera. Chimake cha ntchito yonseyi chidali tchalitchi chachikulu cha njerwa chimene chidamangidwa pakati pa 1911 ndi 1913.

Thangata ndi kalata yoletsedwa

Kumpoto kwa Mbombwe kudali minda ikuluikulu ya kampani ya A. L. Bruce Estates, imene likulu lake lidali ku Magomero. Pano pamafunika kusamala ndi mayina, chifukwa ambiri amawasokoneza. David Livingstone, mmishonale wotchuka uja, adamwalira mu 1873. Woyendetsa kampaniyo, Alexander Livingstone Bruce, adali mdzukulu wake. Kapitawo wamkulu wa ku Magomero adali munthu winanso, William Jervis Livingstone.

Ambiri mwa ogwira ntchito m'mindayi adali Alhomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Pokhala opanda malo awoawo, ankalipira lendi ndi thukuta lawo m'dongosolo la thangata. Mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana pakati pa anansi adasanduka dzina la ntchito yokakamiza. Miyezi yogwira ntchito inkatalikitsidwa mwachinyengo, malipiro nthawi zina ankakhala fodya m'malo mwa ndalama, ndipo chikoti sichinkasowa. Kampaniyo sinkalola sukulu kapena tchalitchi pamalo ake, choncho timatchalitchi taudzu timene akhristu a PIM ankamanga tinkatenthedwa. Msonkho wa nyumba udakwezedwa mu 1912, ndipo njala idagwa m'zaka za 1912 ndi 1913.

Naye Chilembwe zinthu sizinkamuyendera. Ngongole zidamupanikiza, matenda a mphumu adakula, maso adayamba kufooka, ndipo mwana wake wamkazi adamwalira. Kenaka nkhondo ya azungu idafika. Pa 9 Sepitembala 1914 asilikali a Britain ndi a Germany adamenyana ku Karonga, ndipo ambiri mwa akufa adali anthu akuda a mbali zonse ziwiri.

Mu Novembala chaka chomwecho Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yake idali yakuti anthu akuda adakhetsa kale mwazi m'nkhondo za Angerezi kumaiko ena popanda phindu lililonse, ndipo tsopano akuitanidwanso kukafera mkangano umene sakuudziwa, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye amene adzafunsidwebe msonkho. Adati ngati nkhondo ili yofunika, apite olemera ndi eni minda amene adzapindule nayo. Boma lidaletsa kalatayo kuti isafalitsidwe, koma mawu ake adapulumuka. Mwa zonse zimene zimanenedwa kuti ndi maganizo a Chilembwe pa ndale, kalata iyi ndiyo ili ngati wotchi yokhala ndi nambala yake: ili ndi mwini, mwezi ndi chaka, ndipo njira imene idadutsa kufika kwa ife ndi yodziwika. Itatha kalatayi, boma la Bwanamkubwa George Smith lidayamba kukonza zomuchotsa m'dziko muno kupita naye kuzilumba za m'nyanja ya Indian.

Masiku a moto

Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 magulu a anthu a Chilembwe adanyamuka ku Mbombwe. Gulu lina lidafika ku Magomero, kumene lidapha William Jervis Livingstone n'kumudula mutu. Mzungu wina wa pamindapo, Duncan MacCormick, adaphedwanso usiku womwewo, ndipo ku Mwanje kudaphedwa Robert Ferguson. Akazi ndi ana a azungu adatengedwa koma sadapwetekedwe, ndipo adamasulidwa patapita masiku ochepa. Umboni wa amayiwo ukugwirizana ndi wa ogwidwa pa mfundo iyi, kuti lamulo losakhudza akazi ndi ana lidalipo ndipo lidasungidwa.

Gulu lina lidapita ku Blantyre kukathyola nyumba yosungiramo zida ya kampani ya African Lakes, ku Mandala, koma lidangopezako mfuti zowerengeka alonda asadadzidzimuke. Ku Ntcheu, Filipo Chinyama adayesa kudzutsa anthu ake koma sizidapite patali. Mthenga Yotam Bango adatumidwa ndi kalata kwa Ajeremani ku Tunduru, m'dziko limene lero ndi Tanzania, ndipo pamene ankabwerera zonse zidali zitatha. Lamulungu pa 24 Januwale Chilembwe adalalikira ku Mbombwe mutu wa Livingstone uli poonekera. Ichi n'chimodzi mwa zinthu zimene okonda Chilembwe amafuna kuzilambalala, koma umboni wake ndi wolimba ngati wa kalata ija.

Dera la Likoswe lidalawa nawo moto umenewu. Pa 26 Januwale gulu la oukira lidafika pa mishoni ya Katolika ya Nguludi, ya ansembe a chipani cha Montfort. Lidatentha nyumba za mishoni ndi kuvulaza koopsa wansembe, Bambo Swelsen, amene adapulumuka. Ubale wa Nguludi ndi Mbombwe udali wozizira kuyambira kale, chifukwa mishoni ziwirizi zinkalimbirana midzi ndi ana asukulu omwewo. Zolemba za ansembe a Katolika ndi gwero lina la mbiriyi, ndipo akatswiri Jane ndi Ian Linden adazigwiritsa ntchito mu 1971 pofotokoza kuti ambiri mwa otsatira Chilembwe ankayembekeza kutha kwa dziko ndi kudza kwa Yerusalemu watsopano. Akatswiri ena, monga George Shepperson ndi Thomas Price, amaika patsogolo nkhani ya thangata, malo ndi nkhondo. Lero pa Nguludi pali chipatala cha St Joseph ndi Catholic University of Malawi, imene idatsegulidwa mu 2006, ndipo ophunzira ambiri amadutsa pamalopo osadziwa kuti akuponda pamene padayaka moto wa 1915.

Tsiku lomwelo la 26 Januwale asilikali a boma adalowa m'Mbombwe n'kupeza anthu atabalalika. Tchalitchi cha njerwa chija, chimene chidali chisadathe ngakhale zaka ziwiri chikugwira ntchito, adachiphulitsa ndi mabomba.

Mtembo, magalasi ndi manda obisika

Chilembwe adathawira chakummawa, kulunjika kumalire a Mozambique. Pa 3 Febuluwale 1915 gulu la apolisi akuda lidamupeza m'boma la Mulanje n'kumuwombera, pamodzi ndi mphwake Morris Chilembwe. Apa boma lidakumana ndi funso la katswiri wa mawotchi uja: kodi mtembo uwu ndi wa munthu amene tikumufunadi?

Mtembowo udatengedwa kupita kuboma la Mulanje, kumene wothandizira woweruza milandu adauyendera n'kulemba zimene adaona. Adalemba kuti womwalirayo adavala jekete la buluu wodera, malaya amawangamawanga, malaya ogonera amizeremizere pamwamba pake ndi buluku lotuwa. Pamodzi ndi mtembowo padabwera nsapato zakuda ndi magalasi a maso awiri, ena a mtundu wopanda mikono, ongopanikiza pamphuno. Magalasiwo akugwirizana ndi zimene zikudziwika za maso a Chilembwe m'zaka zake zomaliza, ndipo m'midzi ya Mulanje wa 1915 munthu woyenda ndi magalasi awiri sadali wopezekapezeka. Pamndandandawo sipatchulidwa wotchi.

Boma litakhutira, lidaika mtembowo mwachinsinsi m'manda opanda chizindikiro, poopa kuti malowo angasanduke kachisi wa otsatira ake. Potero lidadzitchera lokha msampha. Anthu amene sadaone mtembo kapena manda sadakhulupirire za imfayo, ndipo mphekesera zidafala zakuti mbusayo adapulumuka ndipo adzabweranso. Mphekesera zimenezi zidakhala zaka zambiri m'midzi ya Chiradzulu. M'zaka zaposachedwa, wofufuza David Stuart-Mogg adabwereranso ku zikalata za boma za nthawiyo n'kulemba m'magazini ya Society of Malawi Journal za momwe mtembowo udazindikiridwira ndi kuikidwa. Zikalatazo zimatsimikiza imfa ya pa 3 Febuluwale. Mphekesera zija zimatiuza china chosiyana, chomwenso ndi choona: kuchuluka kwa chiyembekezo chimene anthu adaika pa munthuyu, ndi kuchepa kwa chikhulupiriro chawo pa mawu a boma.

Chilango chidali chowawa. Anthu pafupifupi 40 adanyongedwa kapena kuwomberedwa ataweruzidwa mothamanga, ndipo pafupifupi 300 adatsekeredwa m'ndende. Mwa ophedwawo mudali John Gray Kufa, mmodzi mwa anthu akuda oyamba kuphunzira ntchito ya chipatala pa mishoni ya Blantyre, ndi Duncan Njilima, wamalonda wodziwika. Midzi idatenthedwa. Elliot Kamwana, mlaliki wa Watch Tower amene sadatenge nawo mbali, adathamangitsidwa kupita ku Mauritius, kenaka ku Seychelles. Komiti yofufuza imene boma lidakhazikitsa idatulutsa lipoti lake mu 1916. Ngakhale idaloza chala mishoni zophunzitsa anthu akuda, idavomereza kuti kayendetsedwe ka minda ya Bruce kadali kankhanza. Pamaso pa komitiyo Amalawi ophunzira, monga Mbusa Harry Kambwiri Matecheta ndi Chisuse uja, adapereka umboni, ndipo limodzi mwa madandaulo amene adamveka lidali lokakamizidwa kuvula chipewa pamaso pa mzungu aliyense. Umboni wonsewu adausonkhanitsa ndi kuusindikiza katswiri John McCracken mu 2015, patatha zaka 100.

Zenizeni koma zosakhala zoyambirira

Mlendo wofika ku Mbombwe lero amaona tchalitchi chachikulu cha njerwa, ndipo n'kosavuta kuganiza kuti ndi chomwe Chilembwe ankalalikiramo. Si chimenecho. PIM idakhala yotsekedwa mpaka 1926, pamene boma lidalola Dr Daniel Sharpe Malekebu kuitsegulanso. Malekebu adali mwana wasukulu wa pamishonipo amene adatsatira Emma DeLany ku America, n'kumaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mu 1917, kukhala Mmalawi woyamba kufika pamenepo. Tchalitchi chimene chilipochi chidamangidwa m'nthawi yake. Ndi cha PIM yeniyeni, pamalo enieni, chomangidwa ndi wophunzira weniweni wa Chilembwe, koma njerwa zake si za 1913. Kunena zimenezi sikuchichepetsa. Kumangobwezera Malekebu ndi akhristu a m'badwo wake ulemu wa ntchito imene adaigwira boma likuwayang'anitsitsa.

N'chimodzimodzi ndi mawu otchuka amene amati Chilembwe adalankhula kwa anthu ake asadanyamuke, owauza kuti akanthe kamodzi kenaka afe, kuti mwazi wawo udzatsegule maso a boma. Mawuwa amamveka m'misonkhano ndi m'masewero chaka ndi chaka. Gwero lake ndi George Simeon Mwase, amene sadali ku Mbombwe usiku umenewo. Mwase adalemba nkhani yake cha mu 1931 ndi 1932 ali m'ndende ya Zomba, atamva kwa mkaidi mnzake Wallace Kampingo, yemwe adatenga nawo mbali m'kuukirako. Zolembazo zidakhala m'nkhokwe ya zikalata za boma mpaka Robert Rotberg adazisindikiza mu 1967 pamutu wakuti Strike a Blow and Die. Choncho pakati pa pakamwa pa Chilembwe ndi pepala pali anthu awiri ndi zaka zoposa 15. Mwina fungo la mawuwo ndi lake, koma kasanjidwe kake ndi ka Mwase. Mphunzitsi wowapereka kwa ana ngati mawu ojambulidwa pa tepi akuwagulitsa wotchi yosinthidwa mivi osawauza.

Buku limene lidayala maziko a kafukufuku yense ndi Independent African la Shepperson ndi Price, lomwe lidatuluka ku Edinburgh mu 1958, chaka chimene Dr Hastings Kamuzu Banda adabwerera kumudzi. Landeg White adalemba mbiri ya Magomero mu 1987, ndipo D. D. Phiri adalemba za Chilembwe ndi diso la Mmalawi. Aliyense wa iwo adapeza zidutswa zatsopano, ndipo sagwirizana pa chilichonse. Kusagwirizana kotere ndi chizindikiro cha kafukufuku wamoyo.

Nkhope ya pa ndalama

Dziko litalandira ufulu, Chilembwe adasanduka chizindikiro cha fuko. Mu 1965 boma lidatulutsa masitampa okumbukira zaka 50 za kuukira kuja. M'nthawi ya ulamuliro wa Bakili Muluzi kudakhazikitsidwa tchuthi cha pa 15 Januwale. Tsikuli si la kubadwa kwake, limene kabuku ka 1914 kamaliika mu Juni. Si la kuukira, lomwe ndi 23 Januwale, ndipo si la imfa yake, lomwe ndi 3 Febuluwale. Ndi tsiku lachikumbutso losankhidwa ndi boma, ndipo ana asukulu ayenera kuuzidwa motero. Kuyambira mu 1997 mpaka 2012 nkhope yake idali pa ndalama zonse zapepala za kwacha. Kuchokera mu 2012 idatsala pa K500, ndipo mu 2016 idaikidwanso pa K2,000. Mmalawi amene amakweza imodzi mwa ndalama ziwirizi padzuwa kuti aone ngati ili yeniyeni amakhala akuyang'ana nkhope ya Chilembwe.

Mu Sepitembala 2022 chiboliboli cha Chilembwe chidaimikidwa pabwalo la Trafalgar Square mumzinda wa London. Adachipanga ndi Samson Kambalu, mmisiri wa ku Malawi, potengera chithunzi cha mu 1914 chimene Chilembwe adaima ndi mmishonale John Chorley pakhomo pa tchalitchi chatsopano chija, onse awiri atavala zipewa. Pachithunzipo amuna awiriwa ndi a misinkhu ya anthu wamba. Pachibolibolipo Kambalu adakuza Chilembwe kuposa Chorley mwadala, ndipo sadabise kuti wachita zimenezo pofuna kutembenuza mbiri imene idakuza mzungu n'kuchepetsa munthu wakuda. Apa palibe chinyengo, chifukwa wosinthayo wanena poyera chimene wasintha ndi chifukwa chake. Chinyengo chimayamba pamene chosinthidwa chikuperekedwa ngati choyambirira.

Zimene zatsala m'manja mwathu

Tikachotsa zomatikapo, zotsala si zambiri, koma ndi zolimba. Pali makalata opita ku America, kalata ya Novembala 1914, zithunzi zowerengeka, umboni wa pamaso pa komiti, zolemba za ansembe, mndandanda wa zovala ndi magalasi wa ku Mulanje, ndi malo enieniwo: Mbombwe, Magomero, Nguludi. Munthu amene amatuluka m'zinthu zimenezi ndi wovuta kumuika m'thumba limodzi. Adakhala zaka 14 akumanga sukulu ndi kulipira ngongole, ndipo kuukira kwake kudatha pasadathe masabata awiri. Adalamula kuti akazi ndi ana asakhudzidwe, komanso adalalikira pambali pa mutu wa munthu. Adalembera boma mwaulemu lisadamutsekere pakamwa.

Ntchito yosunga zotsalazi ikadalipo. M'midzi ya Likoswe ndi madera ena a Chiradzulu muli mabanja amene makolo awo adali mbali iyi kapena inayo mu 1915: ena adanyamula mikondo, ena adalondera mishoni, ena adangothawa ndi ana kumsana. Mabanja otere amasunga Mabaibulo akale, makalata a ubatizo, zithunzi ndi nkhani zimene agogo adasiya. Chinthu chotere chikapezeka, mtengo wake suli pa kukongola kwake koma pa mayankho a mafunso ochepa: adachipeza ndani, liti, kuchokera kwa yani, ndipo chakonzedwapo chiyani. Mayankhowo ndi ofunika kuwalemba papepala eni ake akadali moyo, ndi kudziwitsa a nthambi yosunga zinthu zakale kapena a National Archives ku Zomba chinthucho chisadagulitsidwe kwa wodutsa. Baibulo long'ambika lokhala ndi dzina ndi chaka limauza fuko zambiri kuposa wotchi yonyezimira imene palibe akudziwa kumene idachokera.